Zikani Analima Tsiku la Maliro

Ku Kanjazi, mudzi wa kumapeto kwenikweni kwa boma la Vubwi, kumene phiri limodzi lokha limakulekanitsani ndi Mozambique, kuli munthu wina dzina lake Zikani Mwale. Mukafika pasukulu ya m'mudzimo m'mamawa mudzamupeza kukhola, akuthothola nkhupakupa m'makutu mwa ng'ombe ziwiri za sukulu, Bulaki ndi Kaputeni. Ndi wamfupi, wamapewa otambalala, ndipo sakonda kuyang'ana munthu kumaso. Anthu amamupatsa moni, iye amayankha, nkhani n'kuthera pomwepo. Kale sanali wotero.

Zikani si mbadwa ya ku Kanjazi. Anabadwira kutsidya, ndipo analowa m'Zambia nthawi ya nkhondo ali mnyamata wosamera ndevu, akuthawa ndi mayi ake, aNankhoma. Bambo ake anawomberedwa panjira. Nthawi yokumba inalipo ngati? Anangowakokera patchire, kuwafunditsa masamba, n'kupitiriza kuthawa. Zikani anakula, zambiri za ulendowo anaiwala, koma aNankhoma masamba aja sanawaiwale mpaka imvi.

"Iwe Zikani," ankatero, kaya akusenda mtedza kaya akusesa, "bambo ako anadyedwa ndi afisi. Ine usadzanditaye. Ndikufuna anthu, ndikufuna nyimbo, ndikufuna adzukulu adzandikumbire nyumba yakuya ngati munthu."

"Ndamva, amayi."

"Kumva umamva. Koma udzachita?"

"Ndidzachita."

Sukulu Zikani sanaiponde. Anakulira kubusa, kuweta ng'ombe za eni ake, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira luso limene anadzadziwika nalo. Ena akamalima amafuna anthu atatu, wogwira pulawo, wokoka chingwe kutsogolo ndi wachikwapu. Zikani ankalima yekha. Ng'ombe zake ankaziphunzitsa kumvera mawu. Akaitana dzina zimanyamuka, akakuwa zimakhota, akatsitsa mawu zimaima. Chikwapu chinkangokhala paphewa ngati chokongoletsera.

Atakwatira Kettie wa ku Kanjazi anakakhala kwa mkazi monga mwa mwambo, ndipo anatenga mayi ake, popeza analibe kowasiya. Anthu anaseka kuti mkamwini uyu wabwera ndi katundu wake. ANankhoma anadziwa kuti m'mudzi wa eni ake mlendo manda amachita kugwirira ntchito, choncho sankaphonya maliro. Kaya ndi a khanda, kaya ndi a munthu amene sankayankhulana naye, iwo ankakhala oyamba kufika pasiwa ndi omaliza kuchoka. Maso atayamba kuchita khungu ankapitabe, akufufuza njira ndi ndodo. Ankati maliro n'kulirana, ndipo aliyense ankadziwa kuti mayiyo akukonzeratu tsiku lawo.

Sukulu ya Kanjazi inayamba ngati chisakasa cha udzu. Sukulu ya boma ili kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza nyengo yonse ya dzinja, ndipo makolo atatopa n'kuona ana akukhala pakhomo mpaka madzi aphwe, anadzimangira yawo. Aphunzitsi anali achinyamata omaliza giredi 12, odzipereka, olipidwa ndi zikomo. Koma zikomo saphika. Ankabwera, kuphunzitsa teremu imodzi kapena awiri, njala ikawaluma n'kuthawira ku Chipata. Zikani, amene sankatha kulemba ngakhale dzina lake, ndiye ankafolera chisakasacho chaka ndi chaka. Akamufunsa chomwe akuvutikira ankati, "Ine ndinakula ndikuyankhula ndi ng'ombe. Anga aziyankhula ndi anthu."

Kenaka kunabwera a mishoni. Anatsogolera ndi Sisitere Scholastica, mayi wamtali wosadziwa kuzungulira nkhani. Anamanga makalasi awiri a njerwa ndi malata, n'kusonkhanitsa mudzi wonse pansi pa mtengo wa mango.

"Ife sitidzakhala nanu mpaka kalekale," anatero. "Tikusiyirani ng'ombe ziwiri, pulawo, ngolo ndi mbewu. Munda wa sukulu udyetse aphunzitsi, upatse ana phala. Ng'ombe zikamaliza kwanu zizikalima kwa ena, sukulu izipezapo choko ndi mabuku. Tikadzachoka, muziima nokha."

Anthu anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Pa udindo wa wapampando wa komiti panali mkangano wa tsiku lathunthu, aliyense akukumbutsa anzake kuti agogo ake ndiwo anayamba kudula mitengo pamalopo. Koma itafika nkhani ya womanga khola, wodzuka m'mamawa kukadyetsa ng'ombe ndi wochotsa nkhupakupa, onse anapeza chowayabwa kumapazi. Ntchitoyo inagwera mkamwini. Munda anapatsidwa kutsidya kwa dambo, moyang'anizana ndi nkhalango ya kumanda.

Chaka choyamba anaphunzitsa ng'ombe. Chachiwiri anakolola bwino ndithu, ana anamwa phala, aphunzitsi awiri anakhazikika. Chachitatu ndi chija cha chilala cha 2024, pamene chimanga chinauma chili m'mawondo. Phala linatha. Mphunzitsi mmodzi anamanga katundu, kunatsala Madamu Abigail yekha, akuthamanga kalasi iyi ndi iyo ngati nkhuku ya anapiye ambiri. Mwezi wa Novembala Sisitere anabwera ndi matumba a mbewu ndi feteleza, n'kuitanira Zikani pambali.

"A Mwale, iyi ndi yomaliza. Amene amatithandiza atembenukira kwina. Mukakolola, ng'ombe ndi zonse zikhala za sukulu mpaka muyaya. Mukapanda kukolola, ndidzazitenga ndikapereke kumudzi wina, ndipo Madamu sindidzatha kumugwira. Ndanena poyera kuti musadzati sindinanene."

Mvula inachedwa. Itagwa mu Disembala, inagwa yokwanira kudzala, koma inabwera ndi imfa. Ku Kanjazi, monga m'midzi yonse ya kumeneko, masamba akangoyalidwa panjira kusonyeza kuti kwagwa zovuta, khasu silipita kumunda mpaka maliro ataikidwa. Palibe amalemba lamuloli, ndipo palibe amafunsa chifukwa chake. Anayamba kumwalira ndi mkulu wina wodwala kalekale. Asanatsuke makasu, kunatsatira khanda. Zikani ankakhala pamaliro thupi lokha, maso ali kumwamba, kumene mitambo inali kuchepa tsiku ndi tsiku.

Wachitatu anali Stella, mwana wa a Fredrick. A Fredrick ndi mlongo wake wamkulu wa Kettie, ndiye kuti mlamu wa Zikani, komanso ndiwo mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda m'mudzimo. Stella anafera kuchipatala pobereka, iye ndi mwana yemwe. Anali mtsikana woseka ndi aliyense, ndipo mudzi unalira zenizeni. Zikani ndiye anamanga ngolo kukatenga mtembo, akuyendetsa ng'ombe pang'onopang'ono kuti asamugwedeze.

Tsiku loika maliro, kusanayere bwino, Zikani anatuluka pasiwa n'kukatapa dothi kuseri kwa khola. Analifinya m'dzanja. Linagwirana pang'ono, kenaka n'kuyamba kumwazika. Kumwamba kunali mbee. Anadziwa kuti chinyezi chatsala cha tsiku limenelo basi. Pamenepo mtima unayamba kumunamiza mmene umanamizira munthu wothedwa nzeru. Munda wa sukulu si wa munthu. Uli kutsidya kwa dambo, si m'mudzi. Ndikangodula mizere n'kuponya mbewu, ndibwerako mwambo usanayambe. Ndani adziwe?

ANankhoma, amene anabwerera kukanyumba kawo kudzatenga nsalu, anamva tcheni likulira.

"Ukupita kuti ndi tcheni?"

"Kukamwetsa ng'ombe, amayi."

"Ng'ombe zinayamba liti kumwa madzi zili m'goli?" Kenaka anati, "Iwe Zikani, ndife alendo kuno. Usandichite zimenezi."

Iye anapitabe.

Chimene anaiwala ndi luso lake lomwe. Atafika kumunda anazika pulawo, n'kunong'oneza ng'ombe kuti ziyende. Bulaki anangopukusa khutu. Anayesa kuzimenya ndi chikwapu, zinapatukana, chifukwa sizinazolowere. Ng'ombe zophunzitsidwa ndi mawu zimafuna mawu. Dzuwa linali kutuluka, ndipo Zikani anatsegula kukhosi.

"Bulaki! Mumzere! Kaputeni, tiye!"

M'mawa mopanda mphepo mawu amawoloka dambo ngati munthu ali pakhomo. Kumanda, adzukulu anali atayamba kukumba, ndipo a Fredrick anali pomwepo, atabwera kudzaloza malo pafupi ndi pamene panagona mayi ake a Stella. Makasu anaima. Aliyense anamva mayina a ng'ombe, mobwerezabwereza, mzere ndi mzere. Achinyamata ena anafuna kuwoloka kuti akamukhaulitse. A Fredrick anakweza dzanja.

"Pitirizani kukumba," anatero.

Zikani anabwerako dzuwa litakwera, anasamba, anavala jekete, anakaima nawo kumanda mpaka kumapeto. Palibe anamufunsa. Palibe ngakhale anamuyang'ana moipa. Mvula inadula milungu ingapo, amene anadzala pambuyo pa maliro anachita kubwereza, koma chimanga cha m'mawa uja chinamera, chinapirira, ndipo mvula itabwerera chinakula mochititsa kaso. Nkhokwe ya sukulu sinadzaze mpaka pakamwa, koma inakwana.

Kettie yekha ndiye ankamuvutitsa. "Bambo a Dalitso, tengani nkhuku mupite kwa achimwene mukapepese. Anthu anamva."

"Wadandaula ndani? Ndikapita ndikadzutsa zogona."

"Sizinagone. Ine ndi wa pano, ndikudziwa."

Sanapite. Anaopa, ndipo mantha akewo anawatcha nzeru.

Mwezi wa Juni kunali chikondwerero chopereka sukulu m'manja mwa mudzi. Kunabwera alendo a nsapato zoyera, anajambula nkhokwe, anajambula ng'ombe, anajambula ana atanyamula makapu a phala. Sisitere Scholastica anayamikira umodzi wa anthu a ku Kanjazi, nati midzi ina idzaphunzire pano. Sankadziwa kanthu, ndipo panalibe womuuza. A Fredrick anaomba nawo m'manja. Wapampando wa komiti, amene munda wa sukulu ankaudziwa poulozera ndi chala, analandira mapepala n'kuyankhula mpaka alendo kuyamba kuyang'ana mawotchi. Galimoto ya mishoni itachoka, Zikani anapuma. Anthu ankabwereka ngolo, ankamuitana kumowa, ankaseka naye. Anakhulupirira kuti zatha, kuiwala kuti mlandu suola.

ANankhoma anamwalira mu Okutobala, nyengo imene nthaka imauma ngati njerwa yootcha. Sanadwale nthawi yaitali. Masamba anayalidwa panjira, amayi anabwera pasiwa n'kukhala pansi, koma panalibe woyambitsa nyimbo. M'mawa mwake Zikani anatchera khutu kuti amve makasu kumanda. Kunali zii. Dzuwa litakwera kunabwera uthenga woti adzukulu akumufuna.

Anawapeza kumanda atakhala pamthunzi, makasu ndi mapiki atagona pansi. Malo anali atalozedwa kale, udzu utapalidwa, koma nthaka inali yosakhudzidwa. Zikani anagwada patali pang'ono, chipewa m'manja.

"Alamu," anayamba a Fredrick, mawu ali pansi, "mayi anu tilibe nawo mlandu. Analira ana athu, analira makolo athu. Stella anamusambitsa ndi iwo. Mlandu uli ndi inu."

"Ndinalakwa, alamu. Ndinaona chinyezi chikutha, ndinaopa kuti sukulu itsekedwa."

"Sukulu ndi yathu tonse. Zidzukulu zanga zikuphunzira pomwepo, ndipo phala lanulo amwa. Koma ine ndinaima apa, pomwe mwagwadapo, ndikuyang'ana dzenje la mwana wanga, m'makutu mwanga mukulowa mayina a ng'ombe. Mpaka lero ndikamuganiza Stella ndimamva Bulaki. Ndinadikira kuti mubwera pakhomo. Mvula inatha, tinakolola, alendo anu anabwera n'kupita. Simunabwere."

Zonse zinali zoona. A Fredrick anapitiriza.

"Chindapusa ndi ng'ombe imene munkaitchula kwambiri tsiku lija. Ibwere pano, iphedwe, adzukulu adye, tikumbe. Amayi aimba, mudzi wonse uperekeza."

"Ng'ombezo si zanga, alamu. Ndi za ana. Tengani mbuzi zanga zonse, tengani njinga, ndikulimireni minda yanu zaka zimene munganene."

"Mbuzi zanu sizinalakwe." A Fredrick anatola khasu limodzi n'kuliponya patsogolo pake, fumbi n'kudzuka. "Mukakana, nali. Inu mumadziwa kugwira ntchito tsiku la maliro."

Mwana sakumba manda a mayi ake. Ndi chinthu chosachitika, chochititsa manyazi wamoyo ndi wakufa yemwe, ndipo adzukulu anadziwa kuti palibe munthu angasankhe chimenecho. Ena anali atayamba kale kukambirana za amene akasende chikopa.

Zikani anabwerera kumudzi. Kettie anamukokera kuseri kwa nyumba akulira. "Perekani, bambo a Dalitso. Ng'ombe ndi ng'ombe. Mayi anu anapempha chinthu chimodzi chokha moyo wawo wonse."

Madamu Abigail nayenso anali pomwepo. "Perekani, a Mwale. A mishoni anapita, palibe adzafunse. Komiti ivomera, onse ndi abale a adzukulu omwewo. Tidzaona chochita."

"Ng'ombe imodzi siikoka pulawo, Madamu. Mvula ili pafupi. Tikapanda kulima mudya chiyani? Ina tidzaitenga kuti?"

Kunalibenso galimoto yobwera ndi matumba.

Zikani analowa m'kanyumba mmene munagona mayi ake, amayi olira anamupatsa malo. Anawavundukula kumaso. Anali aang'ono kuposa mmene ankawaonera ali moyo, pakamwa patatsekeka bwinobwino, pakamwa pomwe paja pamene pankamufunsa ngati adzachita. Anakhala nthawi yaitali. Anaganiza za masamba amene anafunditsa bambo ake, anaganiza za chisakasa cha udzu chimene ankafolera, ndi ana amene adzabwerere kubusa kukakula akuyankhula ndi ng'ombe. Mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa anaona kuti kulikonse kumene angalowere ataya munthu. Anawafunditsanso, anatuluka, n'kulunjika kumanda. Kukhola sanapatukire.

Anatola khasu lija pamene linagwera. Adzukulu anayang'anana. Nthaka ya mu Okutobala imabweza khasu, ndipo akakhapa pankangotuluka fumbi ndi timiyala. Anasinthira piki, palibe anamuletsa. Dzuwa linafika pamutu iye ali m'mawondo. Matuza anatuluka, anaphulika, mpini unayamba kuterera. Amuna aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena mokwiya kuti nyama yawaphonya, ena chifukwa sakanatha kupenyerera. A Fredrick anatsala yekha pamthunzi, osathandiza, osachoka. Mwina ankadikira kuti Zikani atope n'kunena kuti katengeni ng'ombeyo. Dzuwa litapendeka, dzenje lili m'chiuno, Zikani anagunda mwala umene piki inalephera. Anayesa mbali iyi, anayesa iyo, kenaka anakhala pansi m'dzenjemo n'kulira ngati mwana. Nyumba yakuya imene mayi ake ankafuna inathera pamenepo. Atatukula mutu, pamthunzi panalibe munthu.

Kumudzi anapeza pasiwa patapepuka. Adzukulu akakana maliro, amayi sangatsalire, ndipo ambiri anali atachoka mozemba, nsalu kumaso. Kunatsala Kettie, Madamu Abigail, mkulu wa mpingo ndi buku lake, ndi amayi achikulire ochepa amene analibe mwamuna wowaitana. Onyamula bokosi panalibe. Zikani anapita kukhola, anamanga Bulaki ndi Kaputeni m'goli ndi manja ake osendekawo, anabweretsa ngolo pakhomo. Anathandizana kukweza bokosi, ndipo silinali lolemera.

Njira ya kumanda imadutsa pakati pa mudzi. Zitseko zinali zotseka, koma aliyense anali mkati, akumva. Zikani sanafune kutulutsa mawu. Anagwira chingwe n'kukoka, ng'ombe sizinasunthe. Anakankha Kaputeni paphewa, inangomuyang'ana. Ananong'ona, anapempha, zinapitiriza kubzikula. Dzuwa linali kulowa, ndipo mtembo wa mu Okutobala sugona kawiri.

Anapukuta kumaso ndi mkono, anakweza mutu.

"Bulaki! Tiye! Kaputeni!"

Ngolo inanyamuka. Mawu ake anali osasa, ndipo akangoleka ng'ombe zinkaima, choncho anaitana njira yonse, kudutsa pakhomo pa a Fredrick, kudutsa pamakomo onse amene aNankhoma anagonapo pansi akulira akufa a eni ake. Amayi ochepa aja ankatsatira pambuyo, mmodzi anayesa kuyambitsa nyimbo koma panalibe okwanira kuvomera, inafera m'kamwa. Kuyambira pakhomo mpaka kumanda, chimene chinamveka pamaliro a aNankhoma ndi mwana wawo akuitana ng'ombe.